Phunziro la mwezi uno: Kodi munthu angapite ku yunivesite kukaphunzira za chakudya?

Tikamafunsana m'makalabu mwathu kuti aliyense akufuna kudzagwira ntchito yanji, mayankho ake amakhala omwe aja: unamwino, uphunzitsi, usilikali, udalaivala, ndiye wolimba mtima mmodzi amati udokotala. Ntchito zonsezi ndi zabwino, koma timazitchula chifukwa ndi zimene timaziona kumudzi kuno. Ilipo ina imene ambirife sitinaimvepo, ya akatswiri a kadyedwe. Pachingerezi ena amatchedwa ma nutritionist, ena ma dietitian. Ndikudziwa kuti wina waseka kale uko kuti, "Ha! Zaka 4 ku yunivesite kukaphunzira kuphika nsima?" Dikirani kaye anzanga, si za mthiko ndi chipande ayi. Werengani mpaka kumapeto, kenaka mukakambirane ku kalabu.

Kachilombo ndi chakudya zikukhudzana bwanji?

Tonse tikudziwa kuti kachilombo ka HIV kamafooketsa chitetezo cha m'thupi. Chimene sitikamba kawirikawiri ndi chakuti thupi limene likulimbana ndi kachilombo limagwiritsa ntchito mphamvu zambiri kuposa thupi la munthu amene alibe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti munthu wamkulu amene ali ndi kachilombo koma sakudwala amafunika mphamvu yochokera m'chakudya yoonjezera ndi 10 pa 100 iliyonse. Akayamba kudwaladwala, amafunika kuonjezera ndi 20 mpaka 30 pa 100. Mwana amene ali ndi kachilombo ndipo akutsika sikelo angafunike kuonjezera ndi theka, mwinanso kuwirikiza kawiri chakudya chimene mnzake wa msinkhu womwewo amadya.

Vuto lake lili apa. Nthawi imene thupi likufuna chakudya chambiri ndi nthawi yomweyo imene munthu sakufuna kudya. M'kamwa mwatuluka zilonda, kukhosi kukupweteka, nseru, chilakolako cha chakudya palibe. Akatsegula m'mimba, ngakhale chochepa chimene wadyacho chimangodutsa osagwira ntchito. Thupi likasowa chakudya limayamba kudya minofu yake yomwe, munthu nkumaonda. Akaonda chitetezo chimatsikiratsikira, matenda ena monga TB amapeza polowera, ndipo matendawo amamulepheretsanso kudya. Zimangozungulira choncho. Ndiye pamafunika munthu wodziwa kuti mkombero umenewu audule pati, ndi chakudya chanji, chochuluka bwanji, chophikidwa motani kuti wa zilonda m'kamwa athe kumeza.

Tiyeni tiwerengere pang'ono kuti muone kuti si zongolota. Mphamvu ya m'chakudya amaiyeza ndi ma calorie. Tiyerekeze munthu amene amafunika ma calorie 2,000 pa tsiku. Gawo la 10 pa 100 la 2,000 ndi 200. Mtedza wosenda wolemera magalamu 35, umene ndi wongodzaza m'dzanja, uli ndi ma calorie pafupifupi 200. Mwaona? Wina akamva zoti "wodwala azidya bwino" amaganiza za nyama, mazira ndi mkaka wa m'sitolo tsiku ndi tsiku, nkutaya mtima poti ndalama palibe. Wophunzira za kadyedwe amatha kumuuza kuti nsinjiro zothira m'phala la mgaiwa kapena mu nkhwani zikhoza kutseka mpata umenewu. Amadziwanso kuchenjeza kuti mtedza wa chuku, wonyala kapena wowawa, ngotaya, chifukwa uli ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa.

Masamu ena ndi awa, amene a zaumoyo amagwiritsa ntchito poona ngati munthu wamkulu waonda mopyola muyezo. Amatenga kulemera kwake m'makilogalamu nkugawa ndi kutalika kwake m'mamita kochulukitsa ndi kutalika komweko. Yankho lake amati BMI. Munthu wolemera makilogalamu 45, wamtali mamita 1.6: timachulukitsa 1.6 ndi 1.6, tipeza 2.56, tikagawa 45 ndi 2.56 tipeza 17.6. Yankho likachepera 18.5 ndiye kuti munthuyo ndi woonda kuposa mmene ayenera kukhalira, likachepera 16 zafika poopsa. Ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 amawayeza ndi kalamba ka mitundu itatu kaja kamene mumaona ku sikelo akukulunga pamkono. Kakasonyeza pochepera masentimita 11.5, pofiira paja, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo afunika chithandizo msanga. Amene mumathawa masamu m'kalasi mukuti sadzakuthandizani, onani pamene akugwira ntchito.

Nkhani ya chiponde

Palibe wa kumudzi amene sadziwa chiponde cha kuchipatala. Koma ndi angati amadziwa kuti chinachokera m'mitu ya anthu ophunzira za kadyedwe? Kale mwana wonyentchera kwambiri ankayenera kugonekedwa m'chipatala kwa masabata angapo akumwa mkaka wapadera. Mkaka umenewu umafuna madzi aukhondo ndipo suchedwa kuonongeka, choncho sakanatha kuwapatsa makolo kuti apite nawo kunyumba. Mayi ankasiya munda, ankasiya ana ena, nkukakhala kuchipatala. Ambiri ankathawa mwana asanachire.

Mu 1996 dokotala wina wa ku France, André Briend, pamodzi ndi kampani ya Nutriset anapanga chakudya chosakaniza mtedza wopera, mkaka wa ufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi. Nzeru yake yagona poti mulibe madzi, ndiye tizilombo toyambitsa matenda sitingaswanemo, sichifuna kuphika, ndipo chimakhalitsa. Paketi imodzi ya magalamu 92 ili ndi ma calorie 500. Dziko lathu lino ndi limodzi mwa maiko amene anayamba kuyesa kuchiza ana kunyumba ndi chakudya chimenechi. Dokotala wa ana wa ku America, Mark Manary, anachita kafukufuku wake kuno, ndipo anayambitsa bungwe la Project Peanut Butter limene linayamba kupanga chiponde ku Blantyre. Lero ana ambiri onyentchera amachira ali kwao, amangopita kukayezedwa ndi kukatenga mapaketi ena. Okhawo amene ali ndi matenda ena kapena akukana kudya ndiwo amagonekedwa ku NRU, kumene amayamba ndi mkaka wotchedwa F-75 asanafike pa F-100 kapena chiponde. Amayamba ndi wochepa mphamvu dala, chifukwa thupi lofooka kwambiri ukalidzaza chakudya mwadzidzidzi mtima ukhoza kulephera. Zimenezi munthu sangazidziwe pongoganiza, mpaka ataphunzira.

Pano ndipatuke pang'ono. Chiponde chimenechi ndi mankhwala. Kuchigula pamsika kapena kudyera mwana wodwala paketi yake ndi chimodzimodzi kumumwera mapiritsi. Anyamata ena mumachikonda, tikudziwana.

Chakudya si ma ARV

Apa ndikufuna timvane bwino, chifukwa ndi pamene anthu ambiri anatayira miyoyo. Palibe chakudya chimene chimapha kachilombo ka HIV. Kaya ndi adyo, kaya mandimu, kaya masamba a chammwamba, kaya timabotolo todula tija amati tokweza chitetezo, palibe. M'zaka za m'ma 2000 nduna ya zaumoyo ya ku South Africa, Manto Tshabalala-Msimang, inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot pamene boma lawo linkazengereza kugawa ma ARV. Ofufuza a ku yunivesite ya Harvard anadzawerengera kuti anthu oposa 330,000 anamwalira pakati pa 2000 ndi 2005 chifukwa cha kuchedwa kumeneku. Kwathu kuno akuluakulu amakumbukira za mchape wa Chisupe ku Machinga mu 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakamwa mankhwala a makungwa a mtengo poganiza kuti achira Edzi.

Katswiri weniweni wa kadyedwe sangakuuzeni kuti siyani mankhwala. Iye ntchito yake ndi kuthandiza kuti mankhwala apeze thupi lamphamvu. Ine ndikaona munthu akudzitcha katswiri wa zakudya, chonsecho m'chikwama mwake mwadzaza mabotolo ogulitsa, ndimayamba ndamufunsa kumene anaphunzira.

Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma kuno ku Malawi mu 2004. Nthawi imeneyo nkhondo yaikulu inali ya kuonda. Kuyambira 2019 anthu ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagwira ntchito bwino kwambiri, koma ena akamamwa amanenepa. Kumudzi timati munthu akanenepa ndiye kuti zake zikuyenda, koma kunenepa kopyola muyezo kumabweretsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Popeza anthu tsopano akukhala ndi kachilombo mpaka kukalamba, funso lasintha. Kale linali lakuti, "Ndidye chiyani kuti ndibwerere m'thupi?" Lero ena akufunsa kuti, "Ndili pa ma ARV, ndili ndi shuga, kwathu chakudya ndi nsima, ndiye nditani?" Komanso mapiritsi oonjezera magazi ndi a calcium amatha kulepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi ngati munthu wamwera pamodzi m'mimba muli mopanda kanthu. Mayi woyembekezera amene akumwa zonse ziwiri ayenera kufunsa kuchipatala za nthawi yoyenera kumwera. Mafunso otere ndi amene akuchititsa kuti ntchito imeneyi ifunike kwambiri.

Nutritionist ndi dietitian amasiyana pati?

Nutritionist amaona kwambiri za kadyedwe ka anthu ambiri: mudzi, sukulu, boma lonse. Amafufuza chifukwa chimene ana a dera lina akupinimbira, amaphunzitsa alangizi ndi magulu a amayi, amayendetsa ntchito ya phala m'sukulu. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'dziko muno anali opinimbira. Mwana wopinimbira si wamfupi chabe, ubongo wakenso sukula bwino, ndipo zambiri zimaonongeka m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. Zoti mchere ukhale ndi ayodini, shuga ndi mafuta ophikira zikhale ndi vitamini A, kapena zoti alimi azibzala mbatata yofiira m'kati, kumbuyo kwake kuli anthu a ntchito imeneyi.

Dietitian yekha amagwira ntchito ndi wodwala mmodzimmodzi, makamaka m'chipatala, limodzi ndi madokotala ndi anamwino. Wodwala impso safunika kudya ngati wodwala shuga. Munthu wopsa ndi moto amafunika chakudya chomanga thupi chochuluka kuti zilonda zipole. Wina ali chikomokere, akudyetsedwa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, ndipo pafunika wina awerengere kuti alandire zochuluka bwanji pa ola. Ameneyo ndiye dietitian. Chifukwa choti akugwira miyoyo ya odwala, amayenera kuchita maphunziro a m'mawodi ndi kulembetsa ku Medical Council of Malawi asanayambe ntchito. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna ntchito imeneyi ankayenera kukaphunzira kunja. Maphunziro ake anayamba kuno mu 2016, pamene LUANAR ndi College of Medicine anagwirizana mothandizidwa ndi yunivesite ya Tufts ya ku America. Ndiye mukuona kuti ndi ntchito yatsopano, anthu ake akadali ochepa poyerekeza ndi zipatala zimene tili nazo.

Amaphunzira kuti, ndipo pamafunika chiyani?

Sukulu yodziwika kwambiri pa maphunziro a kadyedwe ndi LUANAR, imene makolo athu amaidziwa ndi dzina loti Bunda, kufupi ndi Mitundu ku Lilongwe. Kumeneko digiri yake ndi ya zaka 4. Nthambi ina ya LUANAR ndi NRC, imene ili cha ku msewu wa ku Mchinji, ndipo kumeneko kuli maphunziro a dipuloma okhudza chakudya ndi kadyedwe. Wina amayambira pa dipuloma, nkugwira ntchito, kenaka nkudzapitiriza digiri. Yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, nayonso imaphunzitsa za kadyedwe ndi dietetics.

Musanamizidwe kuti ndi maphunziro ofewa. Chaka choyamba ndi Biology, Chemistry, masamu ndi Chingerezi. Kutsogolo amaphunzira mmene thupi limagwirira ntchito, mmene chakudya chimagayikira mpaka kusanduka mphamvu ndi magazi, tizilombo toononga chakudya, kasungidwe ka zokolola, kawerengedwe ka zotsatira za kafukufuku, ndi kaphunzitsidwe ka anthu akumudzi. Amapitanso kukayeserera ntchito m'zipatala, m'maofesi a boma kapena m'mabungwe.

Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika MSCE yokhala ndi makirediti 6, Chingerezi chili pomwepo. Kirediti ndi giredi 6 kapena yabwino kuposa apo. Pa maphunziro a kadyedwe amayang'ana kwambiri Biology, Chemistry ndi masamu. Koma kukwanitsa makirediti 6 sikutanthauza kuti mwalowa, chifukwa ofuna malo ndi ambiri, ndiye mapointi akachepa mwayi umakula. Kusankha ophunzira a m'mayunivesite a boma kumadzera ku bungwe la NCHE, limene chaka chilichonse limalengeza maphunziro amene alipo ndi zofunika pa aliyense. Muziwerenga chilengezo cha chaka chimene mukufunsiracho, osadalira zimene anakuuzani achimwene anu amene analemba kalekale.

Cholakwika chachikulu chimachitika ku Fomu 3. Ambiri timasiya Chemistry poti "ndi yovuta" kapena poti anzathu asiya, osadziwa kuti tadzitsekera khomo. Atsikana makamaka, pali kamtima kakuti sayansi ndi ya anyamata. Bodza limenelo. Ndikudziwa kuti m'ma CDSS ambiri mulibe labu, mabuku ndi ochepa, mphunzitsi wa sayansi mwina ndi mmodzi sukulu yonse. Zimenezi ndi zoona ndipo si chilungamo. Komabe pamene pali kalabu pali anthu. Ngati timatha kukumana Loweruka kuyeserera sewero ndi kwaya, tingalephere kupatula ola limodzi kuti a Fomu 3 ndi 4 athandizane mapepala a mayeso akale? Amene munalemba kale koma sizinayende, kubwereza si manyazi.

Za ndalama, liripo bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite, la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Munthu amafunsira akasankhidwa, ndipo si onse amene amalandira. Ndi ngongole, imabwezedwa mukayamba ntchito. Ndipo poti nkhani yathu ndi ya HIV, ndinene mosabisa: atsikana ndi anyamata ena akafika ku koleji ndalama zikawathera amagwa m'manja mwa zidyamakanda zolonjeza fizi ndi foni. Yambani kukambirana ndi makolo, abale, a mpingo kapena a mzikiti za thandizo musananyamuke, osati mutafika kale m'tauni m'thumba muli mbee.

Nanga amene tili ndi kachilombo?

Funso ili limabwera mwakachetechete, munthu atakukokera pambali. Yankho lake ndi lakuti inde, mukhoza kuphunzira ndi kugwira ntchito imeneyi. Kachilombo sikafala kudzera m'chakudya, m'mbale kapena pogwira wodwala pomuyeza sikelo. Lamulo la dziko lino la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limaletsa kusala munthu chifukwa choti ali ndi kachilombo. Chofunika ndi kukonzekera: musanapite ku sukulu yakutali, kambiranani ndi a kuchipatala chanu kuti akulembereni kalata yokalandirira mankhwala kufupi ndi sukuluyo, kuti musadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Ine ndimaona kuti wachinyamata amene wakula akumwa mankhwala, amene akudziwa mmene nseru imavutira ndi mmene zimawawira kumwa mapiritsi m'nyumba mulibe chakudya, akhoza kulangiza wodwala mwachifundo kuposa amene anangoziwerenga m'buku.

Ntchito ikapezeka kuti?

M'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, m'zipatala za mishoni ndi zolipira, m'maofesi a maboma, ku unduna wa zaumoyo, wa zaulimi ndi wa zamaphunziro, m'mabungwe monga UNICEF ndi WFP, m'makampani opanga zakudya, ndi m'kafukufuku. Koma sindikulonjezani kuti digiri ikangotha ntchito ili pakhomo. Alipo omaliza maphunziro amene amadikira nthawi yaitali. Ntchito zambiri za m'mabungwe zimadalira thandizo lakunja, ndipo mu 2025, boma la America litadula thandizo lake lambiri, anthu ochuluka a ntchito za umoyo anakhala pansi. Ubwino wa maphunziro amenewa ndi wakuti munthu akhoza kudziyambira yekha kanthu, monga kupanga ufa wa phala wosakaniza chimanga, soya ndi mtedza, kufutsa masamba ndi zipatso mwaukhondo, kapena kupera chiponde chodyera buledi.

Zoti mukachite ku kalabu

Pamsonkhano wotsatira aliyense atchule zonse zimene anadya dzulo lake, kuyambira m'mawa mpaka pogona, mosanama komanso mosasekana. Mlembi ajambule mizere pa pepala kapena pansi, ya magulu 6 a zakudya: zokhutitsa monga nsima, chinangwa ndi mbatata, za gulu la nyemba monga nandolo, khobwe, soya ndi mtedza, zochokera ku nyama monga usipa, mazira, ngumbi ndi mbewa, masamba, zipatso, ndi zamafuta monga mapeyala ndi mafuta ophikira. Ikani chakudya chilichonse m'gulu lake, muone gulu limene latsala lopanda kanthu. Kenaka funsanani kuti ndi chiyani chimene chikupezeka m'mudzi mwanu mwezi uno, chosagula, chimene chingalowe pamenepo. Bonongwe, chisoso, luni, masuku, magwafa ndi malambe musaziiwale poti ndi zakutchire.

Mukambiranenso izi: chifukwa chiyani timakonda ufa woyera kuposa mgaiwa, pamene pokonola timataya gaga ndi mtima wa chimanga m'mene muli mafuta ndi mavitamini? Nanga soda amene timathira m'masamba, podziwa kuti amaononga mavitamini ena, tingamuchepetse bwanji? Ndani amayamba kupatsidwa ndiwo zabwino pakhomo panu, ndipo ndani amatsalira?

Pomaliza sankhani anthu awiri, mtsikana ndi mnyamata, apite kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akamupemphe kuti adzabwere ndi kalamba koyezera pamkono kaja adzakuonetseni kagwiritsidwe ntchito kake. Mukamufunsenso ngati ku chipatala cha boma lanu kuli wa za kadyedwe amene angavomere kudzacheza ndi kalabu yanu za mmene anaphunzirira. A Fomu 2 amene musankhe maphunziro chaka chamawa, tsiku limenelo mudzakhale kutsogolo ndi mafunso anu olemba kale.